Mayeso a Ofuna Kuyendetsa Ndege za Asilikali



Nkhani yathu ya lero yachokera m'kalata imene tinalandira kwa mnyamata wina wa kufupi ndi Mishoni ya Mua, m'boma la Dedza. Mnyamatayu walemba kumene mayeso a Fomu 4. Akuti ali wamng'ono, ndege ikamveka kumwamba kulunjika cha ku bwalo laling'ono la ku Mtakataka, iye ankaiwala mbuzi za atate ake mpaka zinkalowa m'munda wa eni, maso ali kumwamba kufikira ndegeyo itabisika. Tsopano wakula, ndipo mtima wake uli pa kuyendetsa ndege za asilikali. Wamva kuti ofuna ntchito imeneyi amalemba mayeso apadera, osiyana ndi a kusukulu, tsono akutifunsa dzina la buku limene angaloweze kuti akapambane.

Achimwene a ku Mua, ndikuyankheni mosabisa: buku lotero kulibe. Mayeso amenewa safuna kudziwa zimene munaloweza, koma amafuna kuona mmene mutu wanu umagwirira ntchito nthawi ikachepa ndipo zinthu zikachuluka. Komabe musataye mtima, pakuti kukonzekera kulipo, ndipo zambiri zokonzekera nazo zili pakhomo panu pomwepo.

Tiyambe ndi pamene ntchitoyi ili m'dziko lathu. Nthambi ya ndege m'gulu la asilikali a Malawi inayamba m'chaka cha 1976 ndi chithandizo cha dziko la Jeremani, limene linabweretsa ndege za mtundu wa Dornier. M'chaka cha 2019 nthambiyi inakhala gulu loima palokha, lotchedwa Malawi Air Force, ndipo mabwalo ake ali ku Zomba ndi ku Lilongwe. Woyendetsa ndege za asilikali amakhala ofesala, chotero njira yake imayamba ndi usilikali weniweni, ndipo sukulu yaikulu ya asilikali athu ndi MAFCO, ku Salima, kumpoto kwa Mua mukatsata msewu wa M5. Ndege zathu nzochepa. Mukumbukira kuti namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera m'mwezi wa Malichi 2023, ndege za ku Tanzania ndi Zambia zinabwera kudzathandiza kufikira anthu amene madzi anawatsekera njira. Kumene ndege nzochepa, malo a oziyendetsa nawonso ngochepa, tsono kusankha kumakhala kokhwima.

Mayeso osankhira oyendetsa ndege anakula pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Asilikali a ku Amereka anaona kuti anyamata ambiri ankalephera maphunziro a kuuluka atawononga kale mafuta, ndege ndi miyezi yambiri ya aphunzitsi, ndipo ena ankafera pa maphunziro pomwepo. M'chaka cha 1941 anapatsa katswiri wa za maganizo a anthu, John C. Flanagan, ntchito yotsogolera gulu lokonza mayeso ozindikiritsa msanga amene angathe. Gululi linkapereka malikisi oyambira pa 1 kulekeza pa 9, ndipo zinaoneka kuti opeza 9 ankatsiriza maphunziro mwaunyinji, pamene opeza 1 ambiri ankabwerera panjira. Lero asilikali a m'mlengalenga a ku Amereka ali ndi mayeso otchedwa AFOQT, a pamadzi ali ndi ASTB, ndipo a ku Mangalande amayesa anthu awo pa kompyuta ku Cranwell. Maina ngosiyana, koma kulikonse kumene mayeso otere amalembedwa, zofufuzidwa nzofanana.

Choyamba ndi masamu a pamtima. Kunena zoona, masamu ake si ovuta. Mwana wa Fomu 2 angathe kuwapeza mutampatsa pepala ndi nthawi yokwanira. Chovuta ndi nthawiyo. M'mayeso a AFOQT muli gawo lina lofufuza manambala m'mizere yoima ndi yopingasa, mafunso 40 m'mphindi 7, ndiko kuti funso lililonse lili ndi masekondi 10 okha ndi pang'ono, ndipo makina owerengetsera saloledwa. Pano ife amene tinagwirapo choko tiyenera kuvomera kulakwa kwathu. Ndikuphunzitsa ku pulayimale ndinkayamikira mwana wolemba njira yonse ya samu mwaukhondo, mzere ndi mzere, ndipo wofuula yankho asanalembe ndinkamudzudzula. Ukhondo ngwabwino, koma woyendetsa ndege alibe desiki.

Tamvani chitsanzo. Ndege ikuuluka makilomita 240 pa ola, ndipo kwatsala makilomita 60 kuti ifike. Wozolowera sayamba ndi kugawa kwakutali. Amadziwa kuti 240 pa ola ndi makilomita 4 pa mphindi, tsono 60 kugawa ndi 4 ndi mphindi 15. Ndege yomweyo ikamamwa mafuta olemera makilogalamu 300 pa ola, pa mphindi 40 imwa 200, pakuti mphindi 40 ndi magawo awiri mwa atatu a ola. Chinsinsi chagona pa nambala 60. Zolowerani kuisandutsa magawo: mphindi 12 ndi gawo limodzi mwa asanu, mphindi 20 ndi limodzi mwa atatu, mphindi 45 ndi atatu mwa anayi. Mukakwera minibasi kuchokera pa Mua kupita ku Golomoti, funsani kutalika kwa ulendo, yang'anani wotchi ponyamuka ndi pofika, ndipo pezani liwiro musanatsike. Mukatero tsiku ndi tsiku kwa miyezi itatu, mudzadabwa nokha.

Chachiwiri ndicho kudziwa mbali za dziko ndi kutembenuza zinthu m'maganizo. Pano anthu a ku Mua muli ndi mwayi, pakuti dziko lanu nlosavuta kuwerenga: nyanja ili kuvuma, mapiri a Dedza ali kuzambwe, Mtakataka ndi Salima zili kumpoto, Golomoti kummwera. Oyendetsa ndege amatchula mbali zimenezi ndi manambala a kampasi: kuvuma ndi 090, kummwera 180, kuzambwe 270, kumpoto 360. Kuti mubwerere kumene mwachokera, mumaonjeza kapena kuchotsa 180. Nchifukwa chake msewu woterapo ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe uli ndi nambala 14 mbali ina ndi 32 mbali inayo: wotera kuchokera uku amalunjika pafupi ndi 140, wochokera uko pafupi ndi 320. Imani pabwalo, mnzanu azitchula nambala, inu muzitembenukira kumeneko msangamsanga. Kenaka sinthani: yang'anani kummwera, ndipo muuzeni chimene chili kumanzere kwanu osacheuka. Ambiri amakodwa apa, chifukwa anazolowera mapu amene kumpoto kumakhala pamwamba nthawi zonse.

M'gawo lomweli amakuonetsani chithunzi cha mulu wa timabokosi, ena obisika kumbuyo, ndi kufunsa kuti kabokosi kakuti kakhudzana ndi angati. Amene anasanjapo njerwa pa uvuni waona kale funso limeneli ndi manja ake. Ndipo ndikadakhala inu, ndikadapita ku KuNgoni, malo a zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa pa Mua pomwepo m'chaka cha 1976, kukakhala pansi ndi kuonerera osema ziboliboli. Mmisiri amaona msana wa munthu m'chipika pamene iye akusema nkhope. Luso limenelo, loona mbali imene maso sakuiona, ndilo limene oyesa amalifuna. Bawo nayenso ndi mphunzitsi wabwino, malinga muzisewera ndi akulu amene amawerengeratu kumene nkhomo zikathere asanazitole.

Za makina sindichulutsa mawu. Amafunsa za magudumu a mano, malamba, zotukulira katundu ndi kulemera kwa madzi. Gudumu lalikulu likazungulira kamodzi, laling'ono lolumikizidwa nalo lizungulira kangati, ndipo kulowera kuti? Tembenuzani njinga, werengani mano a kutsogolo ndi a kumbuyo, pukusani. Imani pa chigayo muone lamba. Pa mjigo gwirani chogwirira kumapeto, kenaka pafupi ndi pothera pake, mumve kusiyana m'mikono mwanu.

Tsono tifike pa gawo limene ine ndimaliona lalikulu koposa onse, lowerenga mawotchi a m'ndege. Amakuonetsani zithunzi ziwiri. China ndi kampasi. China ndi wotchi yokhala ndi mzere woimira pamene thambo limakumana ndi dziko, yosonyeza ngati ndege yakweza mphuno, yaweramitsa, kapena yapendekera mbali ina. Inu musankhe, mwa ndege zinayi zojambulidwa, imene ikuuluka monga mawotchiwo akunenera. Chifukwa chake nchakuti thupi la munthu limanama. M'kati mwa khutu lililonse muli timinjira titatu tokhota, todzaza ndi madzi, timene timauza ubongo ngati tikutembenuka. Ndege ikakhota pang'onopang'ono kwa kanthawi, madziwo amakhazikika, ndipo ubongo umakhulupirira kuti ndege ili chilili pamene ili chopendekera. Kunja kukamaoneka, maso amakonza bodzali. M'mitambo, m'nkhungu kapena usiku wopanda mwezi pamwamba pa nyanja, maso alibe chogwira. Ana amadziwa zimenezi: amazungulira atatsinzina, akaima dziko limapitiriza kuyenda. Woyendetsa ndege ayenera kukhulupirira wotchi pamene thupi lake lonse likumutsutsa, ndipo si munthu aliyense amene angathe kutero.

Pamwamba pa zonsezi amaonjeza kuchita zinthu zingapo nthawi imodzi. M'mayeso a ASTB munthu amavala zomvera m'makutu, khutu lililonse likumva zilembo ndi manambala akeake, iye n'kumatsata khutu limodzi lokha, uku dzanja lina likulondola kandege pa kompyuta ndipo linalo likugwira chowongolera china. Mulibe makina otere pa Mua, koma muli ndi wailesi. Mverani nkhani za madzulo uku mukuchotsera 7 kuyambira pa 500 papepala, ndipo zikatha fotokozerani mlongo wanu mitu yonse ya nkhanizo. Mverani za Chingerezi makamaka, pakuti ndicho chiyankhulo cha oyendetsa ndege ndi owongolera pa mabwalo, ndipo mayeso amene ndatchulawa amalembedwa m'Chingerezi.

Wina anganene kuti kuyesa kotere ndi nkhanza. Omvera, palibe Mmalawi amene waiwala tsiku la 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228, itanyamuka ku Lilongwe ulendo wa ku Mzuzu, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo ili yoipa, ndipo anthu onse 9 amene anali m'menemo anamwalira, pamodzi ndi Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima. Sinditchula za malirowa kuti ndiweruze munthu aliyense. Ndikungokumbutsa achimwene a ku Mua kukula kwa katundu amene akupempha kusenza. Ngati nkhungu ya pa Viphya imavuta anthu amene auluka zaka zambiri, nanga kuli bwanji munthu wolowa pakhomo lakumbuyo? Chotero wina akadza kwa atate anu kunena kuti agulitse ng'ombe, iye akakulembetseni dzina kapena akupezereni mafunso, dziwani kuti ameneyo ndi mbala. Dikirani chilengezo chochokera ku likulu la asilikali, m'nyuzipepala ndi pa wailesi, muwerenge nokha zofunika zonse, ndipo mulembe kalata ndi dzanja lanu.

Pali chinthu chimodzi chimene khama silisintha, ndipo ndi bwino kuchidziwa lero kusiyana ndi kukachimvera pamaso pa dokotala wa asilikali. Anthu ena, makamaka amuna, amabadwa osatha kusiyanitsa bwino mtundu wofiira ndi wobiriwira, ndipo ambiri a iwo amakula osadziwa. Pa ndege, nyali ya phiko la kumanzere njofiira, ya kumanja njobiriwira. Usiku nyali zimenezi ndizo zimakuuzani ngati ndege inzanu ikubwera kapena ikupita. Madokotala amayesa ndi timabuku ta madontho amitundumitundu obisa manambala, timene anakonza dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, m'chaka cha 1917. Pitani kuchipatala, pemphani kuti akuyeseni maso ndi makutu omwe. Khutu lotuluka mafinya musalisunge, ndipo inu a m'mbali mwa nyanja musachite manyazi kupimitsa likodzo. Zikapezeka kuti maso sakulola, ndege imafunanso amisiri a injini, owongolera pa bwalo ndi oona za nyengo, ndipo masamu amene mwaphunzirawo sadzapita pachabe.

Atsikana amene mukumvera, kalatayi walemba ndi mnyamata, koma yankho ndi lanunso. M'chaka cha 2016 Yolanda Kaunda anakhala mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa udindo wa kaputeni wa ndege zonyamula anthu, ndipo mawotchi amene iye amawerenga ndi omwewa ndafotokozawa.

Nthawi yathu yatha, koma ndikusiyireni samu imodzi, ndipo cholembera chikhale pansi. Ndege yanyamuka nthawi ili 9:40 m'mawa, ikuuluka makilomita 300 pa ola, ndipo ulendo wake ndi wa makilomita 175. Kodi ifika nthawi yanji? Muli ndi masekondi 15. Yankho tidzamva sabata ya mawa pa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.