Nkhonya Yokha Sinakwane: Mbiri ya Francis Ngannou

Awa ndi mawu amene mmodzi wa ife anayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu. Tawasindikiza kuti amene sanathe kufika amveko.



Komiti itandipempha kuti ndiyankhule za masewero, ambiri anayesa kuti ndikamba za mpira. Pepani, lero ndikamba za ndewu. Ndikuona ena ayamba kale kumwetulira. Akumbukira tsiku lotsekera sukulu, pamene ngongole zonse za teremu zinkabwezedwa kuseri kwa bwalo la mpira. Mayina sinditchula, pakuti ena mwa iwo tsopano ndi akulu a mpingo.

Ndewu imene ndikunena ndi ya malamulo ndi malipiro, yotchedwa MMA. Anthu awiri amalowa m'khola la waya, ndipo amaloledwa kumenya nkhonya, kuponya mateche, kugwetsana pansi ndi kupanana mpaka wina agonje. Chigawo chilichonse chimatenga mphindi zisanu, ndipo polimbirana lamba zigawo zimakhala zisanu. Kampani yaikulu pa masewerowa ndi ya UFC ya ku America. Munthu amene ndasankha kukamba za iye ndi Francis Ngannou wa ku Cameroon.

Ngannou anabadwa m'chaka cha 1986 m'mudzi wa Batié. Makolo ake analekana iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ali ndi zaka pafupifupi khumi anayamba ganyu yokumba mchenga ndi kupakira m'malole. Mwiniwake amasimba kuti kusukulu ankapirikitsidwa m'kalasi chifukwa chosowa fizi, mwina cholembera, mwina kope. Ife amene tinamvapo dzina lathu likuitanidwa pa mzere wa m'mawa kuti tikatenge fizi kumudzi tikudziwa kuti chimapweteka si ulendowo ayi, koma maso a anzako. Bambo ake ankadziwika ndi ndewu za m'misewu, mbiri imene mwanayo ankachita nayo manyazi. Iye ankafuna nkhonya ya ulemu, yonga ya Mike Tyson. Anayamba kuiphunzira mochedwa, ali ndi zaka 22, mumzinda wa Douala, kumene ankapeza chakudya poyendetsa kabaza wa njinga yamoto.

M'chaka cha 2012 ananyamuka ulendo wa ku Ulaya wopanda mapepala, kudzera ku Nigeria, Niger ndi Algeria, kudutsa chipululu cha Sahara, mpaka ku Morocco. Kumeneko anayesa kangapo konse kuwoloka nyanja pa bwato la mphira, namagwidwa ndi kukatayidwa kuchipululu. Anawoloka m'chaka cha 2013, ndipo ku Spain anatsekeredwa miyezi iwiri chifukwa cholowa m'dziko mozemba. Mbali imeneyi sindifuna kuikometsa. Njira yomweyo yameza anyamata ndi atsikana osawerengeka amene mayina awo sitidzawamva, ndipo ife amene ana athu amalowera ku South Africa mobisala m'malole tisaombere m'manja msanga. Ngannou anapulumuka, basi.

Atafika ku Paris ankagona m'malo oimikamo magalimoto. Anapita ku nyumba zophunzitsira masewero kukapempha kuti aphunzire nkhonya ngakhale analibe kalikonse, ndipo kumeneko anamulangiza kuti ayese MMA, masewero amene sankawadziwa n'komwe. Mphunzitsi Fernand Lopez, yemwenso kwawo ndi ku Cameroon, anamulandira pa malo ake otchedwa MMA Factory. Mu Novembala 2013 anamenya ndewu yake yoyamba ya malipiro, ndipo mu Disembala 2015 anali atalowa kale mu UFC.

Apa mpamene nkhani yanga yagona. Munthuyu anali ndi nkhonya yoopsa. Mu Disembala 2017 anamenya Alistair Overeem kamodzi kokha pachibwano, ndipo katswiriyo anagwa chagada osadziwa kumene ali. Aliyense anati lamba wa anthu olemera thupi wapeza mwini. Ndikhulupirira kuti nayenso anaganiza chomwecho. Mu Januwale 2018 ku Boston anakumana ndi mwini lambayo, Stipe Miocic, bambo amene pambali pa masewero ankagwira ntchito yozimitsa moto. Ngannou anatulutsa mphamvu zake zonse m'chigawo choyamba, kufunafuna nkhonya imodzi ija. Miocic anazinda, namugwetsa pansi, namukhalira. Zigawo zinayi zotsatirazo chimphona chija chinali wefuwefu, manja olemera ngati anyamula ndowa za madzi. Anagonja poyera, oweruza onse atatu osasiyana maganizo.

Tonse tikumudziwa mnyamata wotere. Analipo m'kalasi mwathu: wanzeru zobadwa nazo, wosatsegula buku, wokhoza mayeso a Fomu 2 akuseka, kenaka n'kukaona zakuda pa mayeso a Fomu 4. Ndipo kugwa kotere sikuthera tsiku limodzi. Mu Julayi chaka chomwecho Ngannou anakumana ndi Derrick Lewis, ndipo anangozungulirazungulira mphindi khumi ndi zisanu osaponya nkhonya yooneka, anthu akukuwiza. Anagonjanso. Pambuyo pake anavomera yekha kuti analowa m'kholamo ndi mantha a ndewu yapita ija. Kwa ine, kuvomera kumeneko n'kolemera kuposa kugwetsa Overeem.

Anabwerera kukaphunzira zimene ankazinyoza. Ku Las Vegas, pansi pa mphunzitsi Eric Nicksick, anaphunzira kukana kugwetsedwa, kusunga mpweya ndi kudikira. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anagonjetsa anthu anayi motsatizana, aliyense m'chigawo choyamba: Curtis Blaydes, Cain Velasquez, Junior dos Santos ndi Jairzinho Rozenstruik, womalizayu m'masekondi 20 okha. Pa 27 Malichi 2021 anakumananso ndi Miocic. Amene anaonera akumbukira kuti chodabwitsa sichinali nkhonya imene inamaliza ndewuyo m'chigawo chachiwiri. Chinali m'chigawo choyamba, pamene Miocic anagwira mwendo kuti amugwetse monga kale, Ngannou n'kukana, n'kumuzungulira kumbuyo. Chaka chimenecho malamba atatu a UFC anali m'manja mwa ana obadwira mu Africa: iyeyu, Kamaru Usman ndi Israel Adesanya, awiriwa obadwira ku Nigeria.

Mu Januwale 2022 anateteza lambayo kwa Ciryl Gane wa ku France, amene kale ankaphunzira naye limodzi, ndipo Lopez uja anali kumbali ya Gane, popeza iye ndi Ngannou anali atasemphana. Ngannou analowa ndi bondo lovulala mitsempha. Zigawo ziwiri zoyamba zinamuipira. Zitatu zotsalazo anapambana pogwetsa mnzakeyo pansi ndi kumupana, luso lomwe lija linamuchititsa manyazi ku Boston.

Malipiro amene analengezedwa a ndewu imeneyo anali madola 600,000. Kwa ife ndi chuma chosasimbika, koma pa nkhonya akatswiri a msinkhu wake amalandira mamiliyoni. Pokambirana za mgwirizano watsopano iye anapempha zinthu zoposa ndalama: inshuwalansi ya chipatala ya omenya onse, ufulu wodzipezera makampani owathandiza, ndi ufulu wake wokamenya nkhonya. Sanamvane, ndipo mu Januwale 2023 anachoka, kusiya lamba amene palibe anamulanda. Ambiri anati wataya bomwetamweta, ndipo ndivomere kuti inenso ndinatero. Mu Meyi anasaina ndi kampani ina ya PFL, imene inamulola kumenya nkhonya ndi kumuika kukhala wapampando wa nthambi yake ya mu Africa.

Pa 28 Okutobala 2023 ku Riyadh, munthu amene anali asanamenyepo nkhonya ya malipiro anaima ndi Tyson Fury, mwini lamba wa dziko lonse wa WBC, namugwetsa m'chigawo chachitatu. Anatha zigawo zonse khumi. Oweruza awiri anapatsa Fury, mmodzi anapatsa Ngannou, ndipo mkangano wake sunathe m'mabawo ndi m'maminibasi. Koma nkhonya ili ndi eni ake. Mu Malichi 2024 Anthony Joshua anamugwetsa katatu, namukomola m'chigawo chachiwiri.

Mwezi wotsatira mwana wake wamwamuna wa miyezi 15 anamwalira. Tilipo muno amene tinaikapo mwana m'manda, ndipo sindiwonjezerapo mawu. Ambiri anayesa kuti sadzamenyanso. Mu Okutobala 2024 analowanso m'khola ku Riyadh, nagwetsa pansi Renan Ferreira wa ku Brazil, namumaliza m'chigawo choyamba. Atapatsidwa mpata woyankhula, anatchula dzina la mwana wakeyo, nalira pamaso pa anthu onse.

Bambo wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri.