Chosulirapo Chathu Chisapite kwa Ogula Zitsulo Zakutha

Sindichulutsa gaga m'diŵa.

Mwamva m'lipoti la komiti kuti zitsulo zakale za m'chipinda cha metalwork zigulitsidwe kuti tipeze ndalama za malata. Pamndandandawo pali chitsulo chosulirapo chija, chimene ambirife tinapindirapo zogwirira mbaula. Ine ndaimirira kuti ndichipemphere moyo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwezi watha ndinabwera ndi burashi ya waya ndi choko. Nditapala dzimbiri m'nthiti mwake n'kupakapo choko, mau anaoneka: PETER WRIGHT, PATENT, ndiponso SOLID WROUGHT olembedwa mozungulira. Kampani imeneyi inali ku Dudley, m'dziko la England, ndipo mu 1852 inalembetsa kuboma njira yake yosulira nyanga pamodzi ndi thupi, m'malo mochita kuilumikiza pambuyo.

Pansi pa dzinalo pali manambala atatu: 1, 1 ndi 12. Ena ankati ndi deti, koma ayi, ndi kulemera kwake m'kaŵerengedwe kakale ka Angerezi. Nambala yoyamba timaichulukitsa ndi mapaundi 112, yachiŵiri ndi 28, yachitatu ndi mapaundi otsala. Tikaphatikiza tipeza mapaundi 152, pafupifupi makilogalamu 69. Tinachikweza pasikelo ya chimanga ya kukhitchini, ndipo chinangopereŵera pang'ono, poti zaka nazo zadyako.

Mtundu wake amautcha London pattern: nyanga mbali imodzi, chidendene mbali inayo. Pachidendenepo pali maboŵo aŵiri, la ngodya zinayi lozikamo zida zodulira, ndi lozungulira loboolerapo zitsulo. Timaboŵo ta m'chiuno mwake ndi momwe amisiri ankaloŵetsa zogwirira pochitembenuza chili chofiira. Apa tidziŵa kuti ndi chosula, si choumba m'chikombole. Pamwamba pake anamatapo chitsulo cholimba, ndipo mukamenya ndi nyundo, nyundoyo imanjanja, chitsulo n'kulira ngati belu. Chosweka sichilira choncho.

Nanga usilikali wake uli pati? Mbali inayo kuli chizindikiro cha muvi pakati pa zilembo W ndi D. Muvi umenewu unkadindidwa pa katundu wa boma la Britain, ndipo zilembozo zikuimira War Department, dzina limene linayamba kudindidwa mu 1855. Paja gulu la asilikali la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo a kuno kwathu anali ku Zomba. Malemu aphunzitsi athu a metalwork ankanena kuti chitsulochi chinachokera kwa asilikali, ife n'kumatsinana. Mau a akulu akoma akagonera.

Tsono pempho langa ndi ili, Bambo Wapampando. Tichichotse pamndandanda. Wogula zitsulo zakutha amangoŵerenga makilogalamu, ndipo ndalama imene akanapereka pa makilogalamu 69 ndiipereka ndine, lero lomwe, kwa Msungichuma. Tichikhazike pachitsa cholimba, tizichipaka mafuta, ndipo wina asayerekeze kuchipala ndi galainda kapena kuchiotcherera pamwamba, chifukwa chitsulo cholimbacho n'chopyapyala. Ana a Fomu 1 achipeze monga tinachipezera ife.