Mkaka wa mayi wa kachirombo si madzi

(Awa ndi mawu amene mtolankhani wathu adalankhula pa msonkhano wa mafumu, amayi ndi alangizi a zaumoyo pa boma la Neno. Tawasindikiza monga adawalankhulira.)



Ndiyambe ndi kuulula kuti ine sindine dokotala. Ndine mtolankhani chabe, ndipo ngakhale ku yunivesite sindidafike pomaliza. Chimene chandiimiritsa pano ndi mkangano umene udabuka kwathu mlongo wanga atachira. Iye ali ndi kachirombo ka HIV ndipo amamwa mankhwala. Azakhali athu, amene adathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi nakakhala ku England zaka zambiri, adafika ndi zitini zinayi za mkaka. Adati mwanayo asalawe bere, pakuti mkaka wa munthu wa kachirombo ndi madzi okhaokha, mulibe chakudya, muli matenda basi. Agogo nawo adati bere ndi bere, koma khandalo limwetsedwenso dawale ndi kaphala kuti lilimbe m'mimba. Onse awiri amamukonda mwanayo, ndipo onse awiri adaphonya.

Sindikuwadzudzula. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi adapezeka mu 1985, koma masiku amenewo nkhani yotere inkakambidwa monong'ona, monga zinkakhalira nkhani zonse zosakondweretsa boma. Ine ndidabadwa matipate atabwera kale, komabe manong'onong'owo ndidawapeza. Mpaka mu 2004 zidali zodabwitsa kumva a Bakili Muluzi akunena poyera kuti mchimwene wawo adamwalira ndi Edzi. Pamene anthu saloledwa kufunsa, aliyense amadzipangira yankho lake.

Tsono funso nali: kodi kachirombo kamasukulutsa mkaka wa m'mawere?

Yankho ndi lakuti ayi. Mafuta, shuga wa mu mkaka ndi zomanga thupi zimene khanda limafuna zimapezekamo ndithu, ndipo kusiyana kumene ofufuza amapeza pakati pa mkaka wa mayi wa kachirombo ndi wa mayi wopanda kachirombo nkochepa. Zoteteza mwana ku kutsekula m'mimba ndi chibayo zilimonso. Thupi la mayi lidapangidwa modabwitsa: chakudya chikachepa, limayamba kudzidya lokha kuti mkaka usasowe. Ndiye kuti amene amayamba kufooka ndi mayi. Paja kuyamwitsa pakokha kumafuna kuti mayi azidya koposa masiku onse, ndiye kachirombo nako kamawonjezera mphamvu zimene thupi limawononga.

Pali zina zimene zimatsatira mbale ya mayi, makamaka mavitamini a gulu la B ndi vitamini A. Mayi akamangodya nsima ndi masamba owiritsa m'mawa ndi madzulo, mavitamini amenewa amachepa mu mkaka, kaya ali ndi kachirombo kaya alibe. Izi sitidazimve kwa azungu okha, zidayesedwa konkuno. Kuyambira mu 2004 mpaka 2010 ku Lilongwe kudachitika kafukufuku wotchedwa BAN, wa amayi 2,369 a kachirombo ndi makanda awo. Ena mwa amayiwo ankalandira chakudya chonga chiponde tsiku ndi tsiku, ndipo mavitamini angapo a gulu la B adakwera mu mkaka wawo. Koma kwa amene ankalandira chipondecho akumwanso ma ARV, phindulo lidachepako.

Pamenepa ndimvetseni bwino, wina asapite kunyumba kukanena kuti mtolankhani uja wati tisiye mankhwala. Ma ARV a nthawi imeneyo si amene mukulandira lero. Kuyambira mu 2019 ambiri adasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Ndiponso kafukufuku yemweyo ndiye adaonetsa mphamvu ya mankhwala. Mwa ana 100 alionse amene sadatetezedwe ndi mankhwala poyamwa, pafupifupi 6 adatenga kachirombo pofika masabata 28. Pamene mayi ankamwa ma ARV adali 3, pamene khanda linkamwa nevirapine adali 2. Phunziro lake ndi lakuti mankhwala amafuna chakudya, osati chakudya chilowe m'malo mwa mankhwala.

Choncho azakhali adanena zoona pa mbali imodzi: kachirombo kangathe kudutsira mu mkaka. Koma kamadutsa mosavuta pakakhala khomo, ndipo khomo lina amalitsekula ndi agogo aja ndi dawale wawo. Matumbo a khanda ndi anthete. Madzi, zitsamba ndi phala zikalowa miyezi 6 isanakwane zimawakwiyitsa, ndipo ofufuza a ku Durban adaonetsa mu 1999 kuti ana osakaniziridwa zakudya amatenga kachirombo koposa oyamwa mwakathithi. Chaka chomwecho kafukufuku wa ku Blantyre adapeza kuti bere likatupa, kachirombo kamachuluka mu mkaka. Mayi amene bere lake latupa kapena nsonga yachita zilonda apite kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire tsiku la sikelo.

Nanga zitini zija? Ku England madokotala amalangizadi amayi a kachirombo kuti njira yopanda chiopsezo ndi mkaka wa m'chitini. Kumeneko madzi abwino amatuluka pa mpopi m'nyumba momwemo, magetsi owiritsira botolo alipo, chitini chikatha china chili pafupi. Abale athu amene mudabwerako kunja, malangizo amenewo mudawamva bwino, koma adakonzedwera nyumba za kumeneko. Taganizani za mayi wa kwa Dambe kapena kwa Symon amene amatunga pa mjigo kapena ku mtsinje, nkhuni zanyowa, chitini chatsala theka ndipo ndalama palibe. Adzathira madzi ambiri kuti chikhalitse. Pamenepo mkaka wasandukadi madzi.

Dziko la Botswana, lolemera kutiposa, linkagawa mkaka wa m'chitini ulere kwa amayi a kachirombo. Mu 2006 kutagwa mvula yambiri madzi adaipa, kudabuka matenda otsekula m'mimba, ndipo ana mazanamazana adamwalira, ambiri mwa iwo osayamwa. Ku Lusaka nako adayesa zoletsa mwana kuyamwa mwadzidzidzi pa miyezi 4. Zotsatira zake zitatuluka mu 2008 zidaonetsa kuti njirayi sidapulumutse ana, ndipo kwa amene adali kale ndi kachirombo idafulumizitsa imfa.

Nchifukwa chake malangizo a unduna wa zaumoyo ali otere: bere lokha miyezi 6, kenaka zakudya zina pamodzi ndi bere mpaka zaka 2, mayi akumwa mankhwala osadumphitsa, mwana akuyezedwa pa masabata 6, pa chaka chimodzi ndi pa zaka 2. Ndipo tisaiwale kuti mu 2011 Malawi ndiye adayamba, maiko ena onse asanatero, kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo. Akatswiri ena akunja adakayika, kenaka adatitsatira.

Neno lidakhala boma palokha mu 2003, litachoka ku Mwanza, ndipo mu 2007 a Partners In Health, amene kuno timawadziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, adayamba kugwira ntchito ndi unduna. Mankhwala amene kale ankafuna ulendo wautali adafika pafupi, pa chipatala cha pa boma, ku Lisungwi ndi m'zipatala zing'onozing'ono. Chimene sichiperekedwa pa zenera la mankhwala ndi ndiwo. Apa ndilankhule ndi abambo anzanga. Nandolo, mbatatesi ndi manachesi zimachoka kuno pa malole kupita ku Blantyre, mazira timagulitsa kuti tipeze ya sopo, koma mayi woyamwitsa amadya pomalizira, zotsala za ana. Dzira limodzi, kausipa, nsinjiro mu nkhwani, nyemba, papaya: mavitamini aja ali mmenemo. Mlamu wanga ndidamuuza zomwezi, sadakondwe, koma nkhuku ziwiri adaleka kugulitsa mazira ake.

Kwa olemekezeka aphungu ndili ndi funso limodzi. Gawo lalikulu la ndalama zogulira ma ARV limachokera kunja, ndipo mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi tonse tidaona mmene mitima idadumphira. Mayi tikumuuza kuti ayamwitse zaka 2 podalira kuti mankhwala sadzasowa ngakhale mwezi umodzi. Kodi mu bajeti ya dziko lino mudamuikira zingati? Funso limeneli tidzalifunsanso mu nyuzipepala, pakuti ufulu wofunsa ndiwo tidavotera pa 14 June 1993.

Zitini zija azakhali adabwerera nazo ku Blantyre. Mwanayo adayezedwa pa masabata 6 ndiponso atakwanitsa chaka, ndipo alibe kachirombo. Kwatsala kuyeza komaliza. Ndikhale pansi tsopano, anamwino ali panowa ayankhe mafunso anu.