Liwu la Chingerezi lakuti "Lukewarm"



Madzulo ano tifuna kucheza nanu za liwu limodzi la Chingerezi limene ana athu amakumana nalo ku sukulu, ndiponso ife akuluakulu poŵerenga Malembo m'chinenero chimenechi. Liwulo ndi "lukewarm". Ambiri amalimasulira kuti "kufunda". Sanalakwe kwenikweni, komabe pali kanthu kamene kamatayika panjira.

Angerezi amasanja kutentha ngati makwerero. Pansi pali "cold", kuzizira. Kenaka "cool", kuzizirira kokoma kwa pamthunzi wa mango. Pamwamba pake "warm", kufunda, ndipo pansonga "hot", kutentha. Tsono "lukewarm" ali pakati pa "cool" ndi "warm": ndiwo madzi aja amene mukaviikamo chala simumva kanthu, popeza alingana ndi thupi lanu. Chigawo choyamba, "luke", ndi liwu lakalekale lotanthauza kufunda pang'ono. Silikhudzana konse ndi Luka Woyera, ngakhale mwana wina m'kalasi la katekisimu adatitsutsa kwambiri pa mfundo imeneyi.

Ponena za madzi osambitsira khanda, liwuli nlabwino. Ponena za tiyi, mlendo wayamba kale kudandaula. Koma ponena za munthu, nlodzudzula nthaŵi zonse. Mngerezi akati adalandiridwa ndi "warm welcome", ndiye kuti adamlandira ndi manja aŵiri. Akati "lukewarm welcome", ndiye kuti adangomloza mpando, nkhope zili kumbali. Liwu lathu lakuti "kufunda" lilibe chitonzo chotere. Ndani adanyozapo bulangete lofunda mwezi wa Juni?

Nanga lotsutsana nalo ndi liti? "Hot" amatsutsana ndi "cold", "warm" amatsutsana ndi "cool", koma "lukewarm" ali ndi adani aŵiri, wina kumwamba wina kunsi. Izi zikuoneka bwino m'buku la Chivumbulutso, mutu 3, pamene mpingo wa ku Laodicea ukudzudzulidwa ndi liwu lomweli. M'Chigriki ndi "chliaros", m'Chilatini "tepidus". Ife alaliki takhala tikuphunzitsa kuti wotentha ndiye Mkhristu wachangu, wozizira ndiye wakunja, kenaka nkumasoŵa choyankha wina akafunsa chifukwa chimene Ambuye akukondera wozizirayo kuposa wofunda.

Akatswiri ambiri a Malembo amapeza yankho m'malo amene mzindawo udali, m'dziko limene lero tikulitcha Turkey. Pafupifupi makilomita 10 kumpoto kwake kudali Hierapolis, mzinda wa akasupe otentha kumene odwala ankapita kukasamba. Malowo lero ndi Pamukkale, ndipo alendo akadapitabe. Chakuvuma kudali Colossae, wa madzi ozizira otsika m'phiri. Paulo Woyera akutchula Laodicea ndi Hierapolis pamodzi m'mutu 4 wa kalata yake kwa Akolose, poti idali mizinda yoyandikana. Madzi otentha amachiza thupi, ozizira amapha ludzu la wapaulendo. Onse aŵiri ali ndi ntchito yake. Ofunda okha ndiwo amachititsa nseru, munthu nkuŵalavula.

Apa tsono pali msampha kwa omasulira. Ife Acheŵa tikati "munthu wozizira" tikunena munthu wopanda changu, wongokhala duu pamene anzake akugwira ntchito, monganso ndiwo zosakolera mchere timati nzozizira. Munthu ameneyu ndiye Mngerezi amamutcha "lukewarm". Koma Mngereziyo akati munthu ndi "cold", akunena wina: wouma mtima, wosamva chisoni. Motero liwu limene pa madzi limasanduka "ofunda", pa munthu liyenera kusanduka "wozizira".

Inu alembi a mabungwe a m'maparishi, mukalandira kalata ya Chingerezi yonena kuti pempho lanu lalandiridwa mwa "lukewarm", musathamangire kukauza anthu kuti zinthu zafunda, ayambe kuumba njerwa. Tanthauzo lake nlakuti sadakane, komanso palibe amene adanyamuka pampando.