Wodwala Akanena Kuti “Ndatopa”: Lamulo, Chikumbumtima ndi Udindo wa Boma



Ambiri mwa ife tinagonapo pansi m'chipatala ngati magadiyani, kapena tinachezerapo usiku m'nyumba momwe mayi kapena agogo akubuula ndi ululu wa khansa. Ena tinamvapo mawu olasa mtima aja: “Ndatopa, ndisiyeni ndizipita.” Nkhani imene tadza nayo lero yagona pa mawu amenewa. M'maiko ena boma lawayankha pokhazikitsa lamulo lolola dokotala kubaya wodwala jakisoni womupha, zimene Azungu amazitcha euthanasia, kapena kumupatsa mankhwala oti amwe yekha n'kufa, komwe kuli kuthandiza munthu kudzipha.

Maiko a Netherlands ndi Belgium anayamba kulola zimenezi mu 2002. Mu 2014 dziko la Belgium linalola kuti ngakhale ana odwala kwambiri azitha kupempha imfa yotere. Dziko la Canada linalola mu 2016 kwa anthu amene imfa yawo ikuoneka kuti yayandikira, koma pofika 2021 linachotsa malire amenewo. Tisayese kuti izi n'zakutsidya kwa nyanja kokha. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri ali pa ntchito, loya wina wodwala khansa, a Robin Stransham-Ford, anapempha bwalo lalikulu la ku Pretoria mu 2015 kuti dokotala awathandize kufa. Bwalo linavomera, ngakhale iwo anamwalira okha tsiku lomwelo chigamulo chisanaperekedwe, ndipo mu 2016 bwalo la apilo linafafaniza chigamulocho. Malemu Arkiepiskopi Desmond Tutu a Mpingo wa Anglican, munthu amene tonse timamulemekeza pa nkhani za chilungamo, anaikira kumbuyo maganizo amenewa. Choncho sitinganene kuti onse ofuna lamuloli ndi anthu ouma mtima. Ambiri anaona wokondedwa wawo akuzunzika, ndipo chifundo chawo n'chenicheni. Chimene tikukana ndi njira imene asankha.

Kuno kwathu lamulo silibisa. Gawo 16 la Malamulo Oyendetsera Dziko a mu 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi moyo, ndipo gawo 19 limateteza ulemu wa umunthu wake. Malamulo a milandu ndi zilango, Penal Code, amaona kupha wodwala mwadala ngati kupha kwina kulikonse, ngakhale wodwalayo atapempha yekha. Ndipo gawo 228 limati wolimbikitsa kapena wothandiza mnzake kudzipha angathe kulamulidwa kukhala kundende moyo wake wonse. Kuwoloka chipata cha Mwami sikusintha kanthu, pakuti ku Zambia nakonso kupha wodwala ndi mlandu.

Mpingo umaphunzitsa chimodzimodzi, ndipo chifukwa chake n'chakuti moyo ndi mphatso imene tinasungitsidwa ndi Mulungu, osati katundu wathu. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anafotokoza izi m'kalata yake ya Evangelium Vitae mu 1995, ndipo Likulu la Mpingo linabwerezanso mu 2020 m'kalata ya Samaritanus Bonus. Koma pali mfundo ziwiri za chiphunzitso chomwechi zimene akhristu ambiri sazidziwa, ndipo chifukwa chosazidziwa amasenza mlandu umene sanapalamule.

Yoyamba ndi iyi: kusiya chithandizo chimene sichikuchiritsanso, chimene chikungowonjezera masautso, si kupha. Madokotala akanena kuti afika pamapeto, ndipo wodwala yekha akufuna kubwerera kumudzi ku Mkanda, ku Kapiri kapena ku Waliranji kuti akatsirizike pakati pa ana ake, atalandira Sakramenti la Odwala, banjalo silinachimwe. Chofunika n'chakuti akafika kumudziko asamanidwe chakudya, madzi, ukhondo ndi anthu omuchezera. Komabe tidzifunse moona mtima. Kodi ndi kangati pamene timatulutsa wodwala m'chipatala, osati chifukwa iye wafuna, koma chifukwa tawerengera kuti kunyamula munthu wamoyo pa minibasi n'kotchipa kusiyana ndi kubwereka galimoto yonyamula maliro? Pamenepo amene wagamula si wodwala, si dokotala, koma umphawi.

Yachiwiri ikukhudza mankhwala oletsa ululu, makamaka morphine. M'midzi yathu muli mphekesera yakuti munthu akangopatsidwa mankhwalawa ndiye kuti achipatala amutsirizitsa. Si zoona. Amaperekedwa pa mlingo woyezedwa, kawirikawiri amadzimadzi akumwa, kuti wodwala agone tulo, adye, apemphere ndi kulankhula ndi abale ake. Kale mu 1957 Papa Pio wa 12 anaphunzitsa kuti n'kololedwa kuletsa ululu ngakhale patakhala chiopsezo chakuti masiku a wodwala angafupike, malinga ngati cholinga si kupha. Mkhristu sakakamizidwa kubuula usiku wonse kuti aonetse chikhulupiriro.

Apa ndi pamene nkhaniyi imasanduka ya kayendetsedwe ka dziko. Amene amasamalira odwala matenda osachiritsika amachitira umboni kuti ambiri opempha imfa amasiya kuipempha ululu ukachepa ndipo akaona kuti sali mtolo kwa abale awo. Ife a m'badwo uno tinazionera tokha. Boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004, munthu wodwala Edzi ankaonedwa ngati wapita kale. Ambiri mwa amene tinkawalira aja lero akulima mtedza ndi soya, ndipo akulera zidzukulu. Dziko likanakhala ndi lamulo la jakisoni womaliza zaka zimenezo, tikanaika m'manda anthu angati amene tikupemphera nawo lero?

Chisamaliro chotere chilipo m'dziko muno. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli kiliniki ya Tiyanjane. Ku Salima kuli Ndi Moyo, malo amene anakhazikitsidwa ndi mayi Lucy Finch. Ndipo mu 2014 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yosamalira odwala matenda osachiritsika. Koma ndondomeko yolembedwa ku Lilongwe siletsa ululu wa mayi wa khansa ya khomo la chiberekero, nthenda imene ikupha amayi a ku Malawi pa mlingo umene uli m'gulu la wokwera kwambiri pa dziko lonse, ngati mankhwalawo safika pa chipatala chaching'ono cha kwawo, kapena ngati iye alibe ya kabaza yokawatengera ku Boma. Mu 2001, ku Abuja, maiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Lonjezo limeneli ndi ngongole, ndipo mwini ngongole ali ndi ufulu wofunsa. Wakuba mankhwala a m'chipatala nayenso adziwe kuti akufupikitsa moyo wa munthu amene sadzamuona n'komwe.

Tisaiwalenso agogo athu. Dziko limene likuchitabe nkhanza kwa okalamba powaganizira ufiti, monga zinachitikira ku Neno mu 2016 pamene okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana, lingapereke bwanji kwa achibale mphamvu yonena kuti uyu wakwana? Mdzukulu amene akusirira munda kapena nyumba ya malata sangavutike kunyengerera agogo kuti avomere. Pamene munthu wosauka alibe mankhwala, alibe chakudya, ndipo akumva tsiku ndi tsiku kuti akutopetsa anthu, mawu ake oti “ndavomera” sachokera mu ufulu.

Boma lino la Mchinji ndi limene linayamba ndondomeko ya Mtukula Pakhomo mu 2006, isanafalikire m'maboma ena, ndipo cholinga chake chinali mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ameneŵa ndi omwewo amene tikukamba lero. Tikupempha miphakati kuti idziwe mayina a odwala onse ogonera m'dera lake, kaya ndi a mpingo uti kapena chipembedzo chanji, ndi kugawana masiku owayendera, kuti wodwazika matenda nayenso apumeko. Amene muli m'makomiti a zipatala ndi m'makomiti a chitukuko a m'madera, funsani pa msonkhano ukubwerawu ngati mankhwala oletsa ululu alipo pa chipatala chanu, anatha liti ngati atha, ndiponso ndani anaphunzitsidwa kuwapereka. Mayankhowo muwalembe, muwapereke ku komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi yanu, kuti tikawatule kwa makhansala ndi aphungu amene tinawasankha mu Seputembala 2025.