Tisanayambe geni, tiyambe tawerengera



Ambiri mukufuna kuyamba geni ya mandasi, ya tomato, kapena yopikula soya ndi mtedza n'kukagulitsa ku Mponela. Maganizo abwino amenewo. Koma musanatenge ngongole ku banki m'khonde, dzifunseni mafunso atatu.

Loyamba: adzagule ndani? Pitani pamsika, muwerenge amene akugulitsa kale malonda omwewo, muonenso ngati amatha. Paja kuno ndalama imayenda tikakolola. Januwale ndi Febuluwale aliyense amasungira ya chimanga.

Lachiwiri: mulowetsa zingati? Lembani zonse: ufa, mafuta, nkhuni, chiphaso cha pamsika, kabaza, chiwongoladzanja. Mitengonso siikhazikika, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu anakwera. Ndiye pa mandasi 100, obweza mpamba ndi angati? Akakhala 95, mukungovutikira asanu basi.

Lachitatu: nanga ikakanika? Yambani ndi zochepa, muyese masiku anayi a msika, mukulemba m'kope. Ngongole ikatipana ndi pamene ena amagwa m'manja mwa zidyamakanda, kachilombo ka HIV n'kupezerapo mpata.

Sabata yamawa aliyense abwere ndi kope lake, tidzawerengere limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.