Galu wa Boma Akaomberedwa, Tigwire Ndani?



Atandipempha kuti ndidzayankhule za apolisi ndi ufulu wa anthu, ine ndinasankha kuyankhula za galu. Musaseke msanga. Nkhani ya galu ndi yaing'ono, ndipo chifukwa cha kuchepa kwakeko munthu amatha kuiona yonse, kuchokera kumutu mpaka kumchira.

Tiyerekeze chonchi. Galu wa apolisi wadula unyolo usiku, kapena wina waiwala kutseka khola lake. Wadumpha mpanda, walowa m'lokesheni. Wafika pakhomo pa bambo wina, wagwetsa mbuzi, kenaka walunjika mwana amene watuluka kukataya madzi. Bamboyo ali ndi mfuti ya chilolezo. Waombera, galu wafa. Kutacha galimoto ya apolisi yaima pabwalo, ndipo amene akukwezedwa kumbuyo ndi bambo uja, pa mlandu woononga katundu wa boma. Funso langa nali: mwa anthu onse amene nkhaniyi ikuwakhudza, n'chifukwa chiyani woyamba kugwidwa ndi amene anali pakhomo pake?

Kumudzi funso limeneli silivuta. Ng'ombe zikalowa m'munda mwa mnzako ndi kudya chimanga, mfumu siitanitsa ng'ombe ku bwalo. Imaitanitsa mwini khola. Mwini kholayo akati, "Mwana wobusa ndiye anagona tulo," anthu amangomuseka, chifukwa aliyense amadziwa kuti nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Inu owerenga Baibulo mukudziwanso lamulo la m'mutu 21 wa Eksodo lonena za ng'ombe yogunda anthu, limene limaika mlandu waukulu pa mwini wake ngati anachenjezedwa koma osaitsekera.

Makhoti a masiku ano sanapite kutali ndi nzeru imeneyi. Mu 2017, ku Port Elizabeth, mzinda wa ku South Africa umene tsopano ukutchedwa Gqeberha, agalu atatu anatuluka pa geti la nyumba ina ndi kugwira munthu wosamalira maluwa m'nyumba za anthu amene ankangodutsa mumsewu. Anamuluma kwambiri mpaka madokotala anadula mkono wake. Mwini agalu anadziteteza ponena kuti geti linatsegulidwa ndi munthu wachilendo. Mu 2020 khoti lalikulu la apilo ku Bloemfontein linakana chodzikanira chimenecho: woweta galu ndiye amalipa. Tsono ngati lamulo likutero kwa munthu wamba, boma lingathawire pati, boma limene linachita kusankha galu wamphamvu ndi kumuphunzitsa kuluma?

Pakuti galu wa apolisi si galu wa kumudzi uja wothawa ukangowerama ngati ukutola mwala. Kawirikawiri amakhala wa mtundu wa German Shepherd kapena Belgian Malinois, ndipo agalu ogwira anthu amaphunzitsidwa kuthamangitsa, kuluma ndi kugwiritsitsa mpaka womuyang'anira atalamula kuti asiye. Womuyang'anirayo akakhala palibe, palibenso wonena kuti asiye. Galu sadziwa kusiyanitsa mbava ndi mwana wa sukulu amene akuthawa chifukwa cha mantha. Onse awiri akuthamanga, basi. Ine galuyo sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono, ndipo imfa yake imandimvetsa chisoni. Wachita zimene anthu anamuphunzitsa, pa malo amene anthu sanayenera kumulola kufikapo.

Apolisi adzayankha kuti galu wao ndi wantchito mnzao, ndipo kumupha kuli ngati kupha wapolisi. Mau amenewa tisawataye msanga. Ku America kuli lamulo la chaka cha 2000 lopereka chilango chofika zaka 10 kundende kwa wopha mwadala ndi mwankhanza galu wa apolisi a boma lalikulu. Ku Britain, mu 2016, galu wotchedwa Finn anabayidwa ndi mpeni ku Stevenage poteteza wapolisi womuyang'anira, ndipo anthu anakwiya atamva kuti pa mbali ya galuyo wobayayo angangoimbidwa mlandu woononga katundu, ngati waswa zenera. Mkwiyowo unabala lamulo latsopano mu 2019, limene anthu amalitcha Finn's Law. Koma werengani lamulolo bwinobwino. Chitetezo chapaderacho chimagwira ntchito pokhapokha galu ali m'manja mwa wapolisi, ali pa ntchito, ndipo akugwiritsidwa ntchito m'njira yoyenera. Ngakhale ku Britain, kumene galu amagona pa mpando wa sofa, aphungu anaona kuti ulemu wa galu wa apolisi umachokera kwa munthu wogwira chingwe. Chingwe chikagwa pansi, chotsala ndi chilombo cha mano chimene chili pakhomo pa munthu.

Apolisi eni ake amazidziwa zimenezi. Mu 2023, ku Lancashire, galu wa apolisi wotchedwa Jax anatembenukira womuyang'anira ndi kumuvulaza kwambiri mwendo. Apolisi anzake anamuombera galuyo. Anachita bwino, chifukwa moyo wa munthu unali pa chiswe. Koma ngati mwendo wa wapolisi uli wokwanira kuti galu afe, mwendo wa mwana wa ku Ndirande kapena ku Kawale ndi wotsika mtengo bwanji?

Musandimve ngati ndikuti aliyense wokhala ndi mfuti aziombera galu akangomuona. Ayi. Woombera nayenso ali ndi zoti ayankhe. Malamulo athu ambiri anachokera ku England, ndipo kumeneko khoti la apilo, pa mlandu wa Cresswell ndi Sirl, linaika muyeso umene ine ndimauona wanzeru. Woombera ayenera kusonyeza kuti galuyo anali akuluma ziweto pa nthawiyo, kapena kuti akanabwereza akanasiyidwa, ndiponso kuti panalibe njira ina yomveka yomuletsera. Amene waombera galu wobwerera kwao, chifukwa cha mkwiyo wa mbuzi imene yafa kale, kapena chifukwa ali ndi mangawa akale ndi apolisi, ameneyo wabwezera, sanadziteteze. Ndipo m'malokesheni athu, m'mene nyumba zimapumirana, chipolopolo chophonya galu chimakalowa m'chipinda cha mnansi. Choncho afunsidwe ndithu. Koma kufunsidwa ndi kwina, kugona m'chitokosi masiku atatu pamene wosiya khola lotsegula akumwa tiyi ndi kwinanso.

Tsopano tilowe mkati mwa mpanda wa apolisi, chifukwa m'menemo ndi m'mene muli nkhani yeniyeni. Zinthu zikavuta, njira yachidule ndi kugwira kamnyamata ka konsitabulo kamene kanali pa ntchito usikuwo, kukadula malipiro, kukasamutsira kutali, nkhani n'kutha. Mwina kanalakwadi. Koma bwanji ngati waya wa kholalo anaduka kalekale ndipo kanakanena kwa akuluakulu kangapo konse? Bwanji ngati galuyo analumapo kale munthu ndipo wina anasaina kuti apitirize ntchito? Bwanji ngati ndalama za nyama ya galu zinathera kwina, galu n'kutuluka ndi njala? Mlandu umakwera makwerero, koma chilango chimakonda kutsika. Wakufa ndi galu, womangidwa ndi mwini nyumba, wosamutsidwa ndi konsitabulo. Wosaina mapepala dzina lake silimveka n'komwe.

Pali pamene dziko linakana kunamizira galu. Mu Januwale 1998 apolisi asanu ndi mmodzi a gulu la agalu, kufupi ndi Benoni ku South Africa, anakhwirizira agalu ao amuna atatu ochokera ku Mozambique, nadzijambula okha pa kanema akuseka. Wailesi ya kanema ya SABC inaonetsa zithunzizo mu Novembala 2000. Iwo ankati anali kuphunzitsa agalu. Mu 2001 anayi mwa iwo analamulidwa kukhala kundende zaka zinayi kapena zisanu. Mano anali a agalu, koma khoti linaweruza anthu. Taonani kuti zimenezi zinachitika patapita zaka zinayi tsankho litatha pa pepala, ndipo zinadziwika chifukwa mtolankhani anapeza kanemayo.

Akuluakulu ena muno munabwerako ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku Harare chikhululukiro cha 1993 chitalengezedwa. Ine ndinali ndisanabadwe, tsono mundikonze ndikapotoza. Munthu si galu, ndipo sindikufanizira anyamata a payoniya ndi agalu. Koma funso ndi lomweli. Mu Disembala 1993, asilikali awiri ataphedwa ku Mzuzu, asilikali anzao anathyola misasa ya apayoniya pa Operation Bwezani, ndipo anyamata ambiri anathawira ku Mozambique. Amene anamva zipolopolo ndi anyamatawo. Nanga amene anawapatsa mfuti, amene kwa zaka zambiri anawaika pamwamba pa apolisi, angati anaimirira pa gulu ndi kunena kuti chingwe chinali m'manja mwao?

Malamulo aakulu a dziko lino, amene tinalemba mu 1994, amati ntchito ya apolisi ndi kuteteza anthu ndi ufulu wao. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo a anthu, Independent Complaints Commission, ngakhale kuti panapita zaka pafupifupi khumi lisanayambe ntchito. Nkhani ngati ya galu wathuyu ndi ya kumeneko, chifukwa apolisi amene galu wao wafa sangakhale odandaula, ofufuza ndi osunga m'chitokosi pa nthawi imodzi. Wofufuza wa kunja akafika, ndikanakonda ayambire kukhola, asanapite kwa mwini mfuti. Akaone loko ndi waya. Akafunse buku losonyeza amene anatsekera galuyo komaliza, ndi nthawi imene anazindikira kuti watuluka. Akafunsenso ngati pa maola onse amene galu anali kunja, panapezeka wapolisi mmodzi amene anayenda m'lokesheni kuchenjeza amayi kuti alowetse ana m'nyumba. Ndipo wina akaonetsetse kuti mwana uja, ngati mano anamukhudza, walandira jakisoni wa chiwewe tsiku lomwelo, pa ndalama za mwini galu.